Bafa latsopano, madzi ongodontha: vuto limakhala pati?

M'madera ambiri mabanja, sukulu ndi zipatala zing'onozing'ono akugumula mabafa akale n'kumanga amakono okhala ndi matailosi, shawa ndi mipope yonyezimira. Koma nthawi zambiri ntchito ikatha, mmisiri atalandira kale malipiro, pamabuka dandaulo lakuti mpope umene unkadzaza ndowa mosachedwa tsopano ukungodontha. Pachipatala zikatero, amayi a kuchidikiro amabwerera kukatunga kudambo ndipo kusamba m'manja kumaiwalika. Mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700 ku Malawi mu 2022 ndi 2023 unasonyeza kuopsa kwa kusowa madzi aukhondo.

Mphamvu ya madzi imachokera kuti?

Kumidzi yambiri madzi a m'mipope sakankhidwa ndi injini koma amangotsetsereka. Umu ndi mmene imagwirira ntchito mipope ya madzi ochokera m'mapiri imene inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968 n'kufalikira ku Mulanje ndi maboma ena. N'chimodzimodzinso pamene pali thanki yapansanja. Mphamvu imadalira kutalika: mamita 10 aliwonse kuchokera pamwamba pa madzi a m'thanki kutsika kufika pampope amapereka mphamvu ya pafupifupi 1 bar.

Tiyerekeze kuti madzi a m'thanki ali mamita 4 kuchokera pansi. Shawa yomangidwa mamita 2 m'mwamba imatsala ndi mamita 2 okha, kutanthauza 0.2 bar. Chonsecho mipope yambiri yamakono yosakaniza madzi otentha ndi ozizira imafuna 1 bar kapena kuposa. Mpope wotere, ngakhale ukhale wodula chotani, sungathe kutulutsa madzi okwanira pathanki yaifupi.

Kuyamba ndi zosavuta

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Asanaswe khoma kapena kugula chipangizo china, eni malo ayenera kufufuza mwadongosolo. Ngati madzi afooka pampope umodzi wokha, vuto lili pampopepo. Pomanga, mchenga, simenti, guluu ndi dzimbiri la mapaipi akale achitsulo zimalowa m'paipi n'kukaunjikana pakasefa kamene kali kukamwa kwa mpope kapena m'timabowo ta shawa. Kumasula kasefako n'kukatsuka, kenaka kutsegula madzi kwa mphindi zingapo kasanabwezeredwe, kumathetsa vutoli popanda kuononga ndalama.

Ngati afooka m'bafa monse, pafunika kuona vavu imene mmisiri anatseka poyamba ntchito, chifukwa ena amaiwala kuitsegula mpaka kumapeto. Mpope umene ukukhosomola ndi kulavula madzi modukizadukiza ukusonyeza kuti m'paipi mwatsekeredwa mpweya. Kutsegula mipope yonse nthawi imodzi thanki ili yodzaza kawirikawiri kumautulutsa.

Pamene vuto lili m'khoma

Amisiri ena, pofuna kupulumutsa ndalama, amaika paipi ya mamilimita 15 pamene panali ya mamilimita 20. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma njira ya madzi imachepa pafupifupi ndi theka. Pokhota paliponse pamachepetsanso mphamvu, choncho paipi yozungulirazungulira kuseri kwa matailosi imafikitsa madzi atafooka kale.

Choopsa kwambiri ndi paipi yochucha mobisika. Amene ali ndi mita ya madzi atseke mipope yonse ndi kuona ngati manambala akusunthabe pakatha ola limodzi. Amene ali ndi thanki atseke polowera madzi madzulo, aike chizindikiro pamene madzi alekeza, ndipo akaonenso m'mawa asanatunge. Madzi akapezeka atatsika, ndiye kuti akutayika penapake, ndipo m'kupita kwa nthawi adzaononga khoma ndi maziko.

Pampu si yankho nthawi zonse

Ena amathamangira kugula pampu yamagetsi n'kuilumikiza kupaipi yaikulu ya mudzi. Kutero kumalanda madzi mabanja a kumtunda ndi a kumapeto kwa paipi. Komanso pampu ikamakoka mwamphamvu, madzi oipa a m'nthaka, ngakhale ochokera kufupi ndi zimbudzi, amatha kulowa kudzera m'ming'alu. Ngati pampu ikufunikadi, ikhale yokoka madzi a m'thanki ya pakhomo. Kukweza nsanja, kuika paipi yaikulu kuchokera kuthanki, kapena kusankha mpope wopangidwira madzi ofooka n'kothandiza kwa nthawi yaitali.

Udindo wa makomiti

Makomiti a madzi, a sukulu ndi a zipatala angapewe mikangano ndi ndowa ya malita 20 ndi wotchi basi. Ntchito isanayambe, ayese nthawi imene ndowayo imatenga kuti idzaze, alembe m'buku, mmisiri naye asainire. Ntchito ikatha ayesenso pa ola lomwelo la tsiku, popeza m'mawa ndi madzulo madzi amafooka kaamba ka kuchuluka kwa otunga. Kuyesaku kuchitike mapaipi asanakwiriridwe ndi simenti, ndipo gawo lomaliza la malipiro liperekedwe pokhapokha ndowa ikadzaza mofanana ndi kale. Alimi amene amakoka madzi a mthirira kuchokera kuthanki angagwiritsenso ntchito njira yomweyi nthawi iliyonse imene awonjezera paipi yopita kudimba.