Makolo a ku China amene amathandizana kulela ana a autism kudziko lacilendo

Tikamva za anthu a ku China okhala kunja kwa dziko lao, ambili a ife timaganiza za misewu, migodi ndi masitolo. Koma m'mizinda monga Los Angeles ndi Fremont ku America, ndiponso Sydney ku Australia, muli nchito ina imene ena a iwo akhala akugwila kwa zaka zambili popanda malipilo. Amenewa ndi makolo a ana olemala, ambili mwa anawo ali ndi autism. Anasonkhana kuti kholo limene langouzidwa kumene za vuto la mwana wake lisavutike lokha monga mmene iwo anavutikila.

Tiyambe tamvetsetsa vutolo. Autism ndi mkhalidwe wokhudza kakulidwe ka ubongo, ndipo cibadwa ca m'banja cili ndi mbali yaikulu. Kawilikawili zizindikilo zimaoneka mwana asanakwanitse zaka zitatu. Mwana angacedwe kukamba, osaceuka pomuitana dzina, osayang'ana munthu m'maso, kubweleza cinthu cimodzi kambilimbili, kapena kulila kwambili pakamveka phokoso limene ena sakuvutika nalo. Ana amasiyana: ena amakula n'kuphunzila mpaka kuyunivesite, ena amafunika wowasamalila moyo wao wonse. Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore ndiye anafotokoza mkhalidwewu mu 1943, atapima ana 11. Bungwe la World Health Organization linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse ali ndi autism. Subwela kamba ka ufiti, katemela kapena kulela koipa. Mankhwala oucotsa palibe, koma mwana akayamba msanga kuphunzitsidwa kukamba, kudzisamalila ndi kukhala ndi anzake, zambili zimasintha. Ndiye cifukwa cake caka ciliconse cimene banja lakhala cete ndi caka cimene mwana waluza.

Nanga n'ciani cimacititsa banja locokela ku China kukhala cete? Coyamba ndi kusadziwa. Ku China, dokotala woyamba kulemba za ana a autism anali Tao Guotai wa ku Nanjing, ndipo munali mu 1982. Makolo ambili amene anasamuka m'zaka zimenezo anali asanamvepo za vutoli. Ndiponso kwao kuli mwambi wakuti munthu wodzakhala wamkulu amacedwa kukamba. Agogo akaunena, mai amakhazika mtima pansi n'kuyembekezela, monga mmene ifenso timauzilana kuti, “Musade nkhawa, anyamata amacedwa.”

Caciwili ndi manyazi. M'cinenelo ca Mandarin, autism ili ndi maina awili: limodzi limatanthauza matenda odzitsekela, lina matenda a kukhala wekha. Onse awili ndi olemela kuwachula pamaso pa abale. Anthu a ku China akafuna kunena za kucititsidwa manyazi amati munthu wataya nkhope, ndipo nkhopeyo si yake yekha, ndi ya banja lonse. Conco makolo ena amabisa mwana, amaleka kupita kumaphwando, ndipo kawilikawili mlandu umagwela mai.

Cacitatu ndi cinenelo ndi malamulo a dziko lacilendo. Ku America, lamulo lochedwa IDEA limapatsa mwana aliyense wolemala ufulu wophunzila kwaulele m'njila yomuyenelela, ndipo mu 1990 autism inalembedwa m'lamulolo ndi dzina lake. Sukulu iyenela kukhala pansi pamodzi ndi makolo ndi kulemba pulani ya mwanayo, yonena zimene adzaphunzila ndi thandizo limene adzalandila pa caka. Kholo lili ndi ufulu wopempha womasulila ndi wokana zimene silinagwilizane nazo. M'cigawo ca California mulinso lamulo la Lanterman la mu 1969, ndi maofesi 21 amene amalipilila thandizo la anthu otele. Zonsezi zilipo, koma zimafika msanga kwa amene adziwa kuzipempha. Mai amene Cizungu cimamuvuta, amenenso anakula akuphunzitsidwa kuti mphunzitsi satsutsidwa, amangovomela ndi kusaina. Ziwelengelo za boma la California lenilenilo zinaonetsa kuti mabanja osakamba Cizungu anali kulandila thandizo locepa, cakuti kuyambila mu 2016 bomalo limapatula ndalama caka ndi caka zocepetsela kusiyanaku.

Apa ndi pamene makolo odzipeleka amalowela. Ku Sydney, bungwe la Chinese Parents Association - Children with Disabilities linayamba mu 1988. Kudela la Los Angeles kuli la Chinese Parents Association for the Disabled. Ku Fremont, mabanja khumi anayambitsa Friends of Children with Special Needs mu 1996, ndipo lelo bungwelo limatumikila mabanja mazana ambili, a mitundu yosiyanasiyana. Amene anayambitsa mabungwewa ndi makolo eni ake, osati boma kapena cipatala.

Nchito imene amagwila ndi yooneka yaing'ono. Kholo latsopano likaimba foni, amene amayankha ndi mnzake wokamba Mandarin kapena Cantonese, amene nayenso anamvapo mau omwewo kwa dokotala. Amamufotokozela kalata yocokela kusukulu, mzele ndi mzele. Amamuuza mafunso oyenela kufunsa, ndi kuti si cipongwe kunena kuti, “Ndipatseni masiku ndikaganize ndisanasaine.” Amaitana madokotala, aphunzitsi ndi maloya kudzakamba m'cinenelo cimene makolo ndi agogo amamva. Mabanja amakumana, kudyela pamodzi, ana akuphunzila nyimbo, kujambula ndi masewela, acinyamata odzipeleka akuwayang'anila. Pamalo otelo mwana akakuwa kapena kugwa pansi, palibe amene amaceuka modabwa. Kwa mai amene wakhala zaka zambili akupepesa kulikonse kumene wapita, maola awili amenewo ndi mpumulo waukulu.

Tione cifukwa cake thandizo la kholo linzako limafika pamene la katswili silifika. Dokotala angakuuzeni zoona, koma mumadziwa kuti madzulo akupita kunyumba yopanda vuto lanu. Kholo linzanu likakuuzani kuti mwana wake, amene pa zaka zisanu sanali kukamba, lelo amakwela basi yekha, mumakhulupilila. Likakuuzaninso kuti zinthu zina sizinasinthe, mumamva osakhumudwa, cifukwa sakukuweluzani. Ndipo amadziwa zimene buku la katswili silinena: mmene mungauzile apongozi, ndi zoyankha abale a kumudzi akamafunsa cifukwa cake mwana sapeleka moni pafoni.

Citsanzo cimodzi ndi nkhani ya cinenelo ca panyumba. Kwa zaka zambili makolo osamukila ku America anali kulangizidwa kuti azikamba Cizungu cabe kwa mwana wa autism, poopa kuti zinenelo ziwili zimusokoneza. Betty Yu wa pa San Francisco State University anafunsa amai a ku China za nkhaniyi, ndipo anapeza kuti ambili anali ndi mantha amenewo. Koma kafukufuku woyelekezela ana a autism omva cinenelo cimodzi ndi omva ziwili sanapeze kuti ziwili zimabweza mwana m'mbuyo. Cimene cimaonongeka ndi ubale: mai amakamba ndi mwana wake m'cinenelo cimene iye mwini sacidziwa bwino, ndipo agogo amasowa cokamba ndi mdzukulu. Uthenga wotele umafika msanga panyumba ukadzela kwa kholo linzao. Ife amene ana athu amakula akumva Cinyanja, Cibemba ndi Cizungu tsiku limodzi, tiyenela kuusunga.

Palinso funso limene limasowetsa tulo kholo lililonse la mwana wotele: “Ine ndikadzamwalila, adzamusamalila ndani?” Kudziko lacilendo funsoli limalemela kwambili, pakuti amalume ndi azakhali ali kutsidya kwa nyanja. Ana a makolo amene anayambitsa mabungwewa tsopano ndi akuluakulu. N'cifukwa cake bungwe la ku Fremont linakulitsa nchito yake: lili ndi malo amene akuluakulu olemala amapitako masana kukaphunzila nchito, ndi makonzedwe owathandiza kukhala paokha pali owayang'anila. Makolo amene anasowa abale pafupi anapangana ubale wao.

Kuno kwathu tili ndi lamulo la anthu olemala la mu 2012, ndipo pa 2 April caka ciliconse dziko lonse limakumbukila za autism. Koma lamulo silingagogode pakhomo la mai amene analeka kubwela pagulu cifukwa mwana wake sakhala cete. Tikayang'ana bwino m'makomboni ndi m'mipingo yathu, mabanja otele timawadziwa, ndipo mwina tinaona kuti analeka kuoneka koma sitinafunse. Mabanja khumi a ku Fremont anayamba ndi kukumana, kudya pamodzi ndi kuuzana zimene aliyense anaphunzila. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati m'dela lathu muli makolo awili a ana a autism amene sadziwana, tingayambe mwa kuwakumanitsa, kuwapatsa cipinda, ndi kupeza wina wosewela ndi ana pamene iwo akukambilana.