Khomani mafaelo anu musanawaike pa intaneti

Ambiri a ife tili ndi zithunzi za NRC, ziphaso za sukulu ndi mapepala a puloti m'kompyuta. Kompyuta ikabedwa kapena ikafa, zonsezo zapita. Ndiye cifukwa cake anthu amaziikanso pa cloud. Dzinali lisatisokoneze: cloud ndi makompyuta aakulu a kampani ina, amene timawafika kudzera pa intaneti. Google Drive ipatsa munthu malo okwana 15 GB kwaulere, OneDrive ya Microsoft 5 GB.

Koma tiyeni tifunse za kiyi. Makampaniwa amakhomadi mafaelo athu, koma kiyi amasunga ndi iwo. Ndipo wakuba akadziwa mau acinsinsi a Gmail yanu, amalowa ngati mwini nyumba ndi kuwerenga zonse.

Pali pulogalamu yochedwa Cryptomator, yopangidwa ku Bonn m'dziko la Germany, imene imakhoma faelo isanacoke m'kompyuta yanu. Mumapanga cosungiramo, cimene iwo amati vault, mkati mwa foda ya Google Drive kapena OneDrive. Mukacitsegula ndi mau anu acinsinsi, cimaoneka ngati flash wamba, ndipo mumaikamo zinthu monga mwa masiku onse. Zimene zifika ku kampani ndi zilembo zosokonezeka. Ngakhale maina a mafaelo sawerengeka. Faelo iliyonse imakhomedwa payokha, motero mukasintha kalata imodzi, ndi yokhayo imene itumizidwa. Bando yanu siitha msanga. Pa Windows, macOS ndi Linux ndi yaulere, koma ya pa foni imafuna ndalama kuti igwire nchito mokwanira.

Cryptomator ndi ya open source, kutanthauza kuti malangizo onse a mkati mwake ali poyera, ndipo aliyense wodziwa za makompyuta angawawerenge. Ena amadabwa: loko amene mapangidwe ake adziwika kwa onse angateteze bwanji? Mphamvu yake ili m'kiyi, osati m'kubisa mapangidwe. Njira yokhomera imene imagwiritsa nchito, AES-256, ndi yodziwika padziko lonse, ndipo akatswiri akhala akuiyesa kwa zaka zoposa 20. Ine ndikhulupirira koposa loko amene amisiri ambiri amuunika.

Tsono cenjezo ndi ili. Mukaiwala mau acinsinsi, palibe ofesi imene mungaimbire foni. Ngakhale amene anapanga pulogalamuyi sangakutsegulireni. Popanga vault, Cryptomator ingakupatseni recovery key, ndiwo mndandanda wautali wa mau acingerezi. Musadumphe pamenepo. Usindikizeni papepala, muuike pamene musunga ziphaso za ukwati ndi za ana, osati mu Google Drive momwemo. Uzaninso amuna anu, akazi anu kapena mwana wamkulu kumene pepalalo lili, kuti mukadwala kapena mukatisiya, mapepala a puloti asakhomeke pamodzi ndi inu.