Shemu Joyah: woyeza malo amene anatijambula monga tilili

Ambiri mwa ophunzira athu amatha kutchula mayina a akatswiri a mafilimu a ku Nigeria, ku India ndi ku America mosajejema. Amawaonera m'timanyumba ta vidiyo pa Boma, pa Kamwendo kapena pa Mkanda, ena pa foni za azichimwene awo. Koma mukawafunsa dzina la Mmalawi mmodzi wokonza mafilimu, m'kalasi mumangoti zii. N'chifukwa chake taganiza zofotokoza za a Charles Shemu Joyah.

A Joyah anabadwira ku Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi, monga zinalili ndi ana ambiri a matchona. Ntchito imene anaiphunzira ndi yoyeza malo. Za makanema anadziphunzitsa okha, ndipo amazipanga kudzera mu kampani yawo ya FirstDawn Arts. Izi tazitchula dala chifukwa cha ophunzira a Fomu 2 aja amene amati masamu ndi nthano siziyendera limodzi.

Filimu yawo yoyamba, Seasons of a Life, ndi imene ikutikhudza kwambiri ife kuno. Ikukamba za Sungisa, mtsikana wantchito pakhomo pa banja lochita bwino. Bambo wa pakhomopo amupatsa mimba, n'kumuuza kuti akaichotse. Iye akana, abereka, ndipo chifukwa cha umphawi mwanayo amusiya kumalo osungira ana amasiye. Bambo uja akamutenga mwanayo kumeneko ngati akuthandiza wamasiye, mkazi wake osadziwa kuti ndi magazi a mwamuna wake. Sungisa abwerera kusukulu, ndipo patapita zaka abwera kudzamenyera mwana wake kubwalo la milandu. Flora Suya ndiye anasewera ngati Sungisa, ndipo Tapiwa Gwaza, amene analinso m'filimuyi, anapata mphoto ya Africa Movie Academy Awards mu 2010.

Kuti timvetse chimene a Joyah anachita apa, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 1966 Ousmane Sembène wa ku Senegal, mwana wa msodzi amene anagwirapo ntchito yonyamula katundu padoko la Marseille, anatulutsa filimu yotchedwa La Noire de... Nayonso ikukamba za mtsikana wantchito, Diouana, amene azungu anamutenga ku Dakar kupita naye ku France. Kumeneko anamusandutsa chida cha m'nyumba mpaka anadzipha. Kwa Sembène, wozunza ndi mtsamunda. Patapita zaka zoposa 40, mu filimu ya a Joyah wozunza ndi munthu wakuda mnzathu, wophunzira, wovala tayi, wolemekezeka pakati pa anthu. Mzungu mulibemo, koma mtsikana wantchito akadali wopanda mawu. Ife tikuona kuti pamenepa m'pamene pagona kulimba mtima kwa a Joyah, pakuti kudzudzula mlendo n'kosavuta kusiyana ndi kuloza chala m'nyumba mwako.

Makolo a kuno ku Mchinji nkhaniyi si yachilendo kwa inu. Tonse tikudziwa mmene zimayambira: abwera wachibale wa ku Lilongwe kapena wa ku Chipata, ati tipatseni mwanayu akatithandize tintchito, sukulu akapitiriza konko. Ena amasungadi mawu awo, ndipo tiwayamike. Koma ena mwa atsikanawa amabwerako ndi mimba, makope atawasiya kalekale. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo chiyambire 2015 tili ndi lamulo loletsa kuzembetsa anthu. Chimene lamulo silingathe ndi kutionetsa nkhope ya mtsikanayo pamene akuuzidwa kuti asauze munthu. Filimu imatha.

Mu 2012 kunabwera The Last Fishing Boat, yojambulidwa m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Mayina ake ndi athuathu: Yusufu, msodzi amene nsomba zamuthera m'nyanja, mwana wake Mustafa, amene wakana ngalawa ya bambo ake n'kuyamba kuperekeza alendo odzaona malo, ndi Abiti Anefa, mkazi wachitatu wa Yusufu, amene mlendo wachizungu akumunyengerera ndi ndalama. Apa mzungu wabwereranso, koma sanabwere ndi mfuti. Wabwera ndi chikwama, ndipo funso n'lakuti kodi munthu wosauka angakane kugulitsa chiyani. Tinene mosabisa kuti ena mwa akuluakulu athu a kumzikiti sangakondwe ndi mbali zina za filimuyi, makamaka mmene ikuonetsera mitala ndi za chiwerewere. Akhoza kutsutsana nayo, ndipo zifukwa zake angakhale nazo. Koma n'zosowa kuona Yusufu ndi Mustafa ali pakati pa nkhani, ali ndi maganizo awoawo, osati kungodutsa chakumbuyo atanyamula dengu la usipa. Nyimbo za m'filimuyi zinapata mphoto ya Africa Movie Academy Awards mu 2013.

Yachitatu, The Road to Sunrise ya mu 2017, ikutsata Rubia ndi Watipa, amayi awiri oyendayenda mumzinda wa Blantyre. Inapambana ngati filimu yabwino koposa ya kummwera kwa Africa pa mphoto za Africa Magic Viewers' Choice mu 2018, ndipo inali yoyamba imene Malawi anaitumiza ku mpikisano wa Oscar, ngakhale sinafike pa ndandanda wotsiriza. Imeneyi si ya ana, ndipo sitikulimbikitsa ophunzira athu kuifunafuna.

Dandaulo lathu ndi limodzi. Chingerezi chimachuluka m'mafilimuwa, moti agogo a ku Kapiri, amene mdzukulu wawo ndiye Sungisa weniweni, sangatsatire zonse popanda womasulira. Sembène anakumana ndi vuto lomweli, ndipo mu 1968 anapanga Mandabi m'chiyankhulo cha kwawo cha Wolof. Mwina wina mwa ophunzira athu adzachita chimodzimodzi m'Chichewa kapena m'Chiyao. Pafupi pompano ku Wimbe, m'boma la Kasungu, Chiwetel Ejiofor anajambula nkhani ya William Kamkwamba imene inatuluka mu 2019, ndipo m'menemo Chichewa chikumveka ndithu.

Pempho lathu kwa makolo ndi a komiti ya mzikiti ndi ili: muyambe mwaonera nokha Seasons of a Life. Mukaona kuti njoyenera, tingathe kuionetsa kwa a Fomu 3 ndi 4, aphunzitsi ndi amayi ena alipo, kenaka n'kukambirana. Amene ali ndi maganizo, ovomereza kapena otsutsa, awasiye ku ofesi ya sukulu teremu ino isanathe.