Adati Mvula Ikagwa Adzakwera Okha

Pabawo pamakhala anthu amitundu iwiri. Pali awiri amene agwira nkhomo m'manja, ndiye pali gulu lija loimirira kumbuyo, lodziwa zonse: uyu akadatakata apa, uyo wagona msanga, ameneyu bawo sayitha. Apatseni mpando, mumva kuti ali ndi kaulendo. Nkhani ya mabasi a mumzinda wa Montgomery, ku Alabama m'dziko la America, ndimaikonda chifukwa oimirira kumbuyo adalipo ambiri, azungu ndi akuda omwe, ndipo onsewo adagwa nayo.

M'chaka cha 1955, munthu wakuda akafuna kukwera basi mumzindawo ankalowera khomo lakutsogolo, n'kulipira masenti 10 kwa dalaivala, ndipo nthawi zambiri ankauzidwa kuti atsikenso akalowere khomo lakumbuyo, kuopa kuti angadutse pakati pa azungu. Dalaivala wankhanza ankatha kuiliza basi munthu asadafike pakhomo lachiwirilo, ndalama atalandira kale. Mipando 10 yakutsogolo idali ya azungu, kaya alipo kaya palibe. Mayi wochokera kochapa zovala za eni tsiku lonse ankaimirira, miyendo ili zizizi, akuyang'ana mipando yopanda munthu. Mipando yapakati wakuda ankakhalapo mobwereka: mzungu akasowa pokhala, mzere wonse unkayenera kunyamuka. Chonsecho mwa okwera anayi alionse, atatu adali akuda. Ndiwo ankaidyetsa kampaniyo.

Kudandaula ankadandaula ndithu, kometetsa tsitsi ndi pakhomo la tchalitchi. Koma sipankalephera kupezeka wanzeru wonena kuti akuda a ku Montgomery sangagwirizane pa chilichonse. Pa 2 Malichi 1955 mtsikana wazaka 15, Claudette Colvin, adakana kunyamuka pampando ndipo apolisi adachita kumukoka. Akuluakulu adaiunguza nkhani yake n'kuona kuti si yoti angaimirepo. Moyo udapitirira.

Kenako Lachinayi pa 1 Disembala, Mayi Rosa Parks, azaka 42, osoka zovala m'sitolo ya Montgomery Fair komanso mlembi wa nthambi ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa akuda, adakwera basi ya msewu wa Cleveland poweruka. Mzungu mmodzi atasowa mpando, dalaivala James Blake adalamula anthu anayi kuti anyamuke. Atatu adanyamuka. Mayi Parks adangosendera kuwindo. Blake yemweyu ndi amene adawatsitsapo m'basi mu 1943, ndiye mlandu suwola. Adawamanga, ndipo usiku womwewo adatuluka pa belo mothandizidwa ndi Bambo E. D. Nixon, wantchito wa m'sitima zapamtunda, ndi loya wachizungu Clifford Durr.

Apa ndi pamene pamandisangalatsa. Anthu ena akadali kufunsana kuti kodi titani, Mayi Jo Ann Robinson, mphunzitsi wa Chingerezi pa Alabama State College komanso mtsogoleri wa gulu la amayi la Women's Political Council, sadagone. Adapita kukolejiko pakati pa usiku, ndipo mothandizana ndi mphunzitsi mnzawo ndi ophunzira awiri adapukusa makina osindikizira mpaka mbandakucha. Kudacha timapepala tili milumilu, touza aliyense kuti Lolemba asakwere basi. Sadapemphe chilolezo kwa komiti iliyonse. Nyuzipepala ya azungu, Montgomery Advertiser, idaika uthengawo patsamba loyamba Lamulungu, ndipo ngakhale wakuda amene kapepala kadamuphonya adamva nkhani yonse mwaulere.

Lolemba pa 5 Disembala m'mamawa, m'busa wachinyamata wa mpingo wa Dexter Avenue Baptist, Martin Luther King, wazaka 26, ndi akazi awo a Coretta adasuzumira pawindo. Iwo ankati anthu 60 mwa 100 alionse akanyanyala, ndiye kuti zayenda. Basi yoyamba idadutsa ili pululu. Yachiwiri chimodzimodzi. Akuluakulu a polisi, pokhulupirira kuti pali zigandanga zoopseza ofuna kukwera, adatuma apolisi apanjinga zamoto kuti azitsatira mabasi. Wokayikakayika amene adaima pasiteji, poona basi ikubwera ndi apolisi pambuyo, adangoti izi ndiye ayi, n'kuuyamba wapansi. Boma lidathandiza lokha kukhuthula mabasiwo!

Tsiku lomwelo khoti lidawalipitsa Mayi Parks madola 10, kuonjezeranso madola 4 a khoti. Masana abusa adakumana, ndipo ena mwa iwo adati ntchitoyi ipitirire koma mayina awo asamveke. Bambo Nixon adaima n'kuwatsuka mkamwa. Adawatchula amantha, nawakumbutsa kuti zaka zonsezi akhala akudya ndalama za amayi ochapa zovala. Mpamene lidabadwa bungwe la Montgomery Improvement Association, ndipo mpando adaupereka kwa King, mlendo amene adali asadayambane ndi aliyense mumzindamo. Madzulo tchalitchi cha Holt Street Baptist chidadzaza mpaka anthu kusefukira mumsewu.

Zimene adapempha poyamba zidali zochepa mochititsa manyazi: madalaivala azilankhula mwaulemu, wofika msanga azikhala osadzutsidwanso (akuda kuyambira kumbuyo, azungu kuyambira kutsogolo), ndiponso kuti m'misewu ya akuda mulembedwe madalaivala akuda. Akuluakulu a NAACP ku New York adati zimenezi n'zofewa, sizikugwetsa tsankho. Meya W. A. Gayle ndi anzake adati n'zochuluka, sizingatheke. Uku akuti mwachepetsa, uku akuti mwanyanya. Kumbali ya azungu kudamvekanso ulosi wakuti mvula ikangogwa tsiku limodzi, onsewa adzakwera okha. Mvula idagwa, chisanu chidafika, anthu n'kumangoyenda.

Matakisi a akuda adayamba kunyamula anthu pamtengo wa basi, masenti 10. Mzinda udafukula lamulo lakuti takisi isalipiritse zosakwana masenti 45. Ndiye eni galimoto pafupifupi 300 adazipereka kuti zizinyamula anthu m'malo oikika, panthawi yoikika, ndipo mipingo idagula galimoto zina zazitali n'kulembapo mayina a matchalitchi. Makampani a inshulansi atawakana, adakaipeza ku Lloyd's of London. Madona achizungu nawo, poona mbale zaunjikana ndiponso mwana akulira, adayamba kukatenga okha antchito awo pagalimoto. Meya adawadandaulira kuti asiye. Koma meya sakadabwera kudzasita zovala, choncho ambiri sadamumvere. Kampani ya mabasi, ndalama zitayamba kuuma, idakweza mtengo kufika masenti 15 ndi kusiya kuyendetsa mabasi m'misewu ina.

Galimoto 300 zimamwa mafuta, zimadya matayala. Ndalama yake inkachokera kuti? Ina inkachokera kutali, kwa ofuna zabwino. Ina inkachokera m'mapoto a Mayi Georgia Gilmore, mayi wa ana 6, mzamba komanso wophika pamalo odyera a National Lunch Company. Iwo adasonkhanitsa amayi anzawo n'kuyamba kukazinga nkhuku ndi kuphika makeke, kumagulitsa m'masaluni, pamalo ochapira zovala ndi poimikira matakisi. Ambiri mwa amayiwo ankagwira ntchito m'nyumba za azungu, ndipo kudziwika kukadawathetsera ntchito. Ndiye gululo adalitcha Club from Nowhere, kutanthauza kuti wofunsa kumene ndalama yachokera aziuzidwa kuti sidachokere kulikonse. Dzina lodziwika lidali la Mayi Gilmore okha, ndipo ndiwo ankakapereka ndalamayo pamsonkhano wa kutchalitchi, anthu akuwomba m'manja. Mbali ina ya mzinda Mayi Inez Ricks adayambitsa gulu lawo, Friendly Club, ndipo magulu awiriwa ankapikisana kuti abweretse zambiri ndani. Taganizani: mzungu wogula keke ija sankadziwa kuti akuthira mafuta m'galimoto yonyanyala basi.

Mu Januwale 1956 akuluakulu a mzinda adayesa chinyengo. Adaitana abusa atatu akuda amene sadali m'bungwelo, kenako n'kulengeza kuti nkhani yatha, anthu ayambe kukwera. King ndi anzake atamva Loweruka usiku, adazungulira ngakhale m'malo omwera mowa kuuza anthu kuti ndi bodza, ndipo m'mawa mwake abusa adabwereza m'maguwa. Bodza litakanika kudabwera bomba: pa 30 Januwale nyumba ya King idaphulitsidwa, mkazi ndi khanda ali mkati, mwamwayi osavulala. Mu Febuluwale adatsegulira milandu atsogoleri pafupifupi 90 pogwiritsa ntchito lamulo la 1921 loletsa kunyanyala. Ankayesa kuti anthu abisala. M'malo mwake eni mayinawo adavala zovala za kutchalitchi n'kukadzipereka okha, khamu likuwasangalalira panja pa ndende, ndipo ena amene mayina awo sadapezeke pamndandanda adabwerera atakhumudwa. Pamlandu wa King, Mayi Gilmore adaima n'kuchitira umboni za nkhanza za madalaivala. Ntchito idawathera. King adawalimbikitsa kuti aziphikira kunyumba kwawo, ndipo nyumbayo idasanduka malo odyera otchuka kumene akuda ndi azungu ankakhalira tebulo limodzi.

Pamene mapazi ankagwira ntchito yawo, loya wazaka 25, Fred Gray, adali atakasuma kukhoti pa 1 Febuluwale, ulendo uno kutsutsa tsankho lenilenilo. Mlanduwo umatchedwa Browder v. Gayle, ndipo odandaula adali Aurelia Browder, Susie McDonald, Mary Louise Smith ndi Claudette Colvin, mtsikana yemwe uja adamuona ngati wosayenera. Mu Juni oweruza awiri mwa atatu adagamula kuti tsankho la m'mabasi likuphwanya malamulo aakulu a dzikolo. Mzinda udachita apilo. Pa 13 Novembala King adali m'khoti lina, mmene mzinda unkafuna kuletsa galimoto zonyamula anthu zija, pamene mtolankhani adamupatsira kapepala: khoti lalikulu la dziko lonse lagwirizana ndi chigamulocho. Galimoto zidaletsedwadi tsiku lomwelo, ndipo anthu adayenda wapansi mwezi wina wathunthu podikira kuti chikalata cha chigamulo chifike. Chidafika pa 20 Disembala, patatha masiku 381.

M'mawa wa pa 21 Disembala 1956, King, m'busa mnzake Ralph Abernathy, Bambo Nixon ndi m'busa wachizungu Glenn Smiley adakwera basi n'kukhala kutsogolo. Palibe adatsika kukalowera kumbuyo. Chithunzi chotchuka chija cha Mayi Parks atakhala pawindo, mzungu ali pambuyo pawo, chidajambulidwa tsiku limenelo, ndipo mzunguyo adali mtolankhani. Anthu amene adapempha kungoti asamadzutsidwe pampando adapatsidwa basi yonse, chifukwa meya adakana zochepa zija.

Sikuti zonse zidakhala myaa. Achiwembu adawombera mabasi, matchalitchi anayi adaphulitsidwa mu Januwale 1957, ndipo Mayi Parks, ntchito itawathera, adasamukira ku Detroit chaka chomwecho. Koma pitani ku Montgomery lero mukawerenge zikwangwani. Msewu wa Cleveland ndi Rosa L. Parks Avenue. Mu 2019 mzindawo udasankha meya woyamba wakuda, Steven Reed, amene adakhala pampando wa Gayle uja, ndipo pa 1 Disembala chaka chomwecho adavundukula chiboliboli cha Mayi Parks pafupi ndi pamene adakwerera basi. Mu 2021 msewu umene udali ndi dzina la Jefferson Davis, mtsogoleri wa madera amene adamenyera nkhondo ukapolo, udasinthidwa kukhala Fred D. Gray Avenue, mwini dzina ali moyo, ndipo chaka chomwecho khoti lidafufuta mlandu wa Claudette Colvin.

Basi ija, nambala 2857, idakhala zaka zambiri pamunda wina ku Alabama, ikuchita dzimbiri, akusungiramo matabwa ndi zipangizo. Mu 2001 nyumba yosungiramo zakale ya Henry Ford ku Dearborn, ku Michigan, idaigula n'kuikonza mpaka kuwala, ndipo mu 2012 Pulezidenti Barack Obama adakhalamo akuyang'ana pawindo. Alendo amaloledwa kukwera. Mukadzafikako lowerani khomo lakutsogolo, ndipo mpando musankhe nokha.