Khosi la Steve Thompson na ana athu a ku Kafue

Imwe amene mukwela basi ya ku Kafue m'mawa ulionse simufunika kuuzidwa kuti sikilamu n'ciani. Ni mpando wa kumbuyo uja: anthu anayi, mapewa opanikizana, kondakitala akali kukuwa ati "fendelani, malo yaliko." Mu maseŵela a rugby, amuna 8 a timu imodzi amawelama, agundana mapewa ndi 8 a timu ina, n'kuyamba kukankhana. Pakati peni-peni pa mzele wakutsogolo pamakhala wovala nambala 2, wochedwa hooker. Manja ake onse awili amakhala pa misana ya anzake, ndiye alibe codzichinjilizila naco. Mphamvu ya anthu onsewo imakumana pa khosi pake.

Iyi ndiyo inali nchito ya Steve Thompson wa ku England, cimunthu colemela kupitilila makilo 110. Ife a ku Kafue tipima na matumba a feteleza a ku Nitrogen Chemicals: matumba awili a 50, na kanthu pamwamba. Anaseŵelela kilabu ya Northampton Saints kufika mu 2007, ndipo dziko lake analiseŵelela maulendo 73.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuyang'ana pa windo, ati rugby ni ya ku migodi, ya a Diggers ku Kitwe na a Leopards ku Mufulira, olo ya asilikali a Red Arrows na Green Buffaloes mu Lusaka. Zoona, Kafue ni tauni ya bola. Koma nkhani ya Thompson idutsa pakhomo pathu. Pa World Cup ya 2003 ku Australia, England inagonjetsa South Africa 25-6 ku Perth. Kaputeni wa South Africa anali Corné Krige, wobadwila mu Lusaka. Pa fainolo ku Sydney pa 22 November, England inapambana Australia 20-17. Kaputeni wa Australia anali George Gregan, nayenso wobadwila mu Lusaka. Ana awili a mzinda uno, onse anadutsa m'manja mwa timu ya Thompson. Caka cotsatila Krige anapita ku Northampton, awiliwo n'kuvala jezi imodzi.

Manje apa ndiye mumvetsele. Mu 2007 khosi linavuta, madokotala ati siya, ndipo a inshuwalansi anamulipila. Munthu wina akanagula mabasi n'kukhala pansi. Iye atauzidwa kuti khosi lapola, anabweza ndalamazo n'kubwelela m'bwalo ku Brive, ku France. Anafika mpaka pa World Cup ya 2011 ku New Zealand, koma kumapeto kwa caka comweco khosi linakananso, basi mpila unathela pamenepo.

Mu December 2020, ali na zaka 42 cabe, anaulula kuti madokotala amupeza na matenda oiwala-iwala a dementia, amene tinazolowela kuona mwa agogo. Fainolo ya ku Sydney ija saikumbuka. Amaionela pa vidiyo monga mmene ine na imwe tingaionele, amadziona akuthamanga, koma m'mutu mulibe. Ananenanso kuti nthawi zina dzina la mkazi wake limamuthawa. Iye pamodzi na ena amene anaseŵela kale anatengela mabungwe oyendetsa rugby ku khoti, ati sanawateteze ku kugundidwa m'mutu mobweleza-bweleza.

Cimene cinipangitsa kulemba izi ni ana athu. Kucokela pamene Patson Daka anacoka ku Kafue Celtic, kudutsa ku Salzburg mpaka kufika ku Leicester City mu 2021, kholo lililonse ku Shikoswe, ku Estates na ku Zambia Compound limayang'ana mwana wothamanga na diso lina. Sindiwatsutsa, pakuti nchito za m'mafakitale sizilinso monga kale. Koma pa mabwalo athu a fumbi, kaya ni bola kaya ni rugby ya pa sukulu, mwana akagundana mutu na mnzake n'kugwa, timacita zimene ndaona kambili: amuthila madzi kumaso, amumenya pa msana, anthu n'kukuwa ati "nyamuka, ndiwe mwamuna!" Mwana anyamuka akuzandima, ise n'kuomba m'manja.

Lamulo la World Rugby pa maseŵela a ana na a makilabu wamba n'lomveka: amene akuganizilidwa kuti wavulala ubongo acoke m'bwalo pomwepo, ndipo asabwelelemo tsiku limenelo. Sikuti acite kukomoka iyai. Cizungulile, kusanza, mutu kuwawa, maso kuona mbuu, kusadziwa kuti ni hafu iti olo ndani wacinya, zonsezi ni zizindikilo. Zimenezi sizifuna makina olo ndalama. Zifuna koci amene angalole kuluza gemu pa Ciwelu, na kholo limene lingatenge mwana kupita naye ku cipatala m'malo momugulila Panado pa kantemba.

Thompson anali na madokotala a kilabu, inshuwalansi, na mendulo ya golide m'nyumba. Mwana wa ku Zambia Compound ali na botolo ya madzi na mzake wocita monga dokotala. Mu 2021 Thompson analonjeza kuti akadzamwalila, ubongo wake akaupeleke kwa ofufuza, kuti akaone bwino zimene zaka zonse zija za m'sikilamu zinasiyamo.