Oyilo akada sikuti watha: za malole a kwa Maganga

Usipa ukauma pa thandala ku Nguwo, mpunga ukalowa m'matumba ku Lifuwu, katundu yenseyo amadikira lole. Malole ambiri amene amagwira ntchito imeneyi kwa Maganga, m'boma la Salima, ndi madera oyandikana nako ndi ang'onoang'ono a dizilo, ma Canter, ma Dyna ndi ma Isuzu Elf, ofika kuno atatumikira kale zaka zambiri ku Japan. Ndi galimoto zopirira, ndipo mabanja ambiri amadyera pomwepo. Koma funsani madalaivala atatu kuti oyilo wa mu injini amasinthidwa liti, mumva mayankho atatu, aliyense akulankhula motsimikiza chifukwa anamva kwa munthu amene anamuphunzitsa chiwongolero. Mayankho amenewa si onyozeka, ndipo ambiri ali ndi kumene anachokera. Vuto ndi lakuti ena mwa iwo akudya ndalama za eni malole pachabe, ena akudya injini yeniyeniyo.

Chikhulupiriro chofala kwambiri ndi cha mtundu. Dalaivala amasolola dipisitiki, n'kuipukuta pa kansanza, n'kuibwezera, n'kuisololanso. Akaona kuti oyilo ali bii, amadontheza pang'ono pa chala chachikulu, n'kutikita ndi chala chamkombaphala, kenaka n'kuuza mwini wake kuti, "Bwana, oyilo uyu wapsa." Mwina papita milungu iwiri yokha chisinthireni. Mwini lole amayamba kukayikira makaniko kuti sanakhetse oyilo wakale, kapena kukayikira wa sitolo kuti anamugulitsa wachabechabe.

Zoona zake n'zakuti mu injini ya dizilo oyilo amada msanga, nthawi zina tsiku lomwelo limene wathiridwa. Dizilo akamapsa amasiya mwaye, ndipo wina mwa mwayewo umadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kugwera mu oyilo. Opanga oyilo amaikamo dala mankhwala ogwira mwayewo kuti uziyandama timibulu ting'onoting'ono, usakamatirire pa zitsulo kapena kutseka tinjira todutsa oyilo. Zili ngati madzi ochapira: akada ndiye kuti litsiro lachoka pa chovala. Komanso pokhetsa sipalephera kutsala oyilo wakale pang'ono m'makona a injini, ndipo wochepa yekhayo amakwanira kudetsa watsopano yense. Choncho kuda kwa oyilo wa dizilo sikunena kuti watha, sikunenanso kuti akadali bwino. Chala nachonso sichingatiuze zambiri. Zimene zimatha mu oyilo sizigwirika: mankhwala olimbana ndi asidi wochokera ku sulufule wa mu dizilo, ndi mankhwala oteteza zitsulo zikamakhulana, amachepa pang'onopang'ono oyiloyo akutererabe bwinobwino pa chala. Makampani a malole akuluakulu amatumiza kabotolo ka oyilo kuti kakapimidwe ndi makina chifukwa maso sangaone zimenezi.

Komabe musasiye kusolola dipisitiki m'mawa uliwonse, lole itaima pamalo osapendekeka, injini isanalire. Pali zinthu zimene maso ndi mphuno zimagwira ndithu. Oyilo akatuwa mbuu, ndiye kuti mwalowa madzi, kaya kudzera pa gasiketi yopsa kaya powoloka madzi osefukira m'nyengo ya mvula, ndipo lole imeneyo isayende mpaka makaniko aione. Akamakwera yekha kupitirira mzere wa pamwamba inu musanawonjezere, akununkha dizilo ndipo wasungunuka, ndiye kuti dizilo akudontheramo, kawirikawiri chifukwa cha manozo kapena pampu. Mukaona tizitsulo tonyezimira pa kansanza, mabering'i ayamba kudyeka. Zizindikiro zimenezi ndiye zofunika kuziopa, osati kuda.

Chikhulupiriro chachiwiri ndimachimvetsa kwambiri, chifukwa ndi cha kunyanja kuno. Ambiri tinazolowera injini za maboti, zija timasakaniza oyilo mu petulo momwemo. Mu injini zimenezo oyilo amapsera limodzi ndi mafuta, ndipo ulendo uliwonse umakhala ndi oyilo watsopano. Munthu amene wakulira pa injini yotere akagula lole yakale yodya oyilo, n'zosadabwitsa kumumva akuti, "Achimwene, inetu ndimawonjezera lita sabata iliyonse, ndiye oyilo wanga amakhala watsopano nthawi zonse." Muli kachoonadi pang'ono: lita yatsopanoyo imabweretsadi mankhwala atsopano. Koma injini ya lole imasunga oyilo wake m'sampu, n'kumamuzunguza yemweyo. Chimene chimapsa kapena kudontha ndi oyilo, pamene mwaye wambiri, fumbi ndi tizitsulo zimatsalira, m'sampu ndi mu fyuluta. Mukamangowonjezera osakhetsa, zinyalalazo zimaunjikana mpaka kukhala phala lakuda lotseka kasefa ka pampu ya oyilo. Tsiku limene kasefako katseke, mabering'i amauma, ndipo mawu amene amamveka pagalaja ndi amodzi: injini yanoka. Mtengo wa ovaholo aliyense amene anaipangitsapo amaudziwa, osawerengera milungu imene lole yakhala pa miyala usipa ukunyamulidwa ndi anzanu.

Nanga tisinthe liti? Apa ndi pamene nambala ya makilomita 5,000 imabwera, ndipo anthu amaigwira ngati lamulo la boma. Ku America nakonso kunali nambala yawo, mamailosi 3,000, pafupifupi makilomita 4,800, imene anthu anakakamira zaka zambiri ngakhale injini ndi oyilo zitasintha. Lero malole akuluakulu atsopano oyenda mitunda italiitali pa phula amatha kudutsa makilomita 40,000 asanasinthe oyilo, opanga ake atavomereza. Wina akamva zimenezi amaganiza kuti amakaniko akhala akutibera. Ayi. Lole yotereyi imanyamula oyilo malita 30 kapena kuposa, imakhala ndi mafyuluta akuluakulu, ndipo imayenda tsiku lonse pa liwiro limodzi injini itatentha bwino. Canter yakale imanyamula malita pafupifupi 10, injini yake ndi ya kalekale yotulutsa mwaye wambiri, ndipo maring'i ake atopa. Mabuku a malole ang'onoang'ono a dizilo a mtundu umenewu kawirikawiri amatchula makilomita pakati pa 5,000 ndi 10,000, kenaka amawonjezera mfundo imene ambiri sitinaiwerengepo, poti bukulo linabwera m'Chijapani kapena silinabwere n'komwe: ngati galimoto ikugwira ntchito yolemetsa, mtundawo udulidwe pakati.

Ntchito yolemetsa imene akunenayo ndi iti? Kuyenda m'fumbi, kunyamula katundu wolemera, kukwera mapiri, maulendo afupiafupi, ndi kusiya injini ikulira galimoto ili chiimire. Tawerengani bwino mndandanda umenewu, muona kuti akufotokoza tsiku wamba la lole ya kwa Maganga. Kuchoka ku Senga Bay kufika pa Salima ndi makilomita pafupifupi 20 okha, ndipo lole yongozungulira pamenepa imazimitsidwa oyilo asanatenthe mokwanira kuti chinyezi ndi dizilo wodontheramo ziuluke. Kutsikira kugombe ndi mumchenga, pa giya yoyamba, injini ikubangula mtunda ukuyenda wochepa. Ikapita ku Lilongwe pa msewu wa M14 imachoka m'mbali mwa nyanja, pa mamita osafika 500 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, n'kukwera zitunda za ku Dowa mpaka kupitirira mamita 1,000, itasenza matumba mpaka pamwamba. Mu Okutobala ndi Novembala zonsezi zimachitika dzuwa la Salima likuswa mtengo.

Pali china chimene wotchi ya makilomita siiwerenga. Lole yofooka batire kapena sitata, dalaivala amaopa kuizimitsa. Imaima pagombe ikulira ola lathunthu kapena awiri, kudikira kuti a maboti amalize kugulitsa, kuti matumba asokedwe, kuti matola adzadze. Matayala sakuzungulira koma oyilo akugwira ntchito, ndiponso ntchito yoipa, chifukwa injini yolira chiimire sipsereza dizilo bwino. Kampani ya Ford imauza eni galimoto zake za dizilo kuti ola limodzi lotere aziliwerengera ngati makilomita pafupifupi 40. N'chifukwa chake mathirakitala ndi majenereta amawerengera maola, ndipo ambiri amasintha oyilo pa maola 250.

Ine maganizo anga ndi awa: kwa lole yakale ya dizilo yogwira ntchito kuno, makilomita 5,000 ndi malire abwino, osati chifukwa nambalayo ndi yopatulika koma chifukwa ntchito yathu ndi yolemetsa. Ngati lole imakhalira mumchenga ndi m'fumbi, kapena kulira chiimire tsiku ndi tsiku, musadikire kuti afike. Ndipo miyezi isanu ndi umodzi ikakwana, sinthani ngakhale makilomita asanakwane. Ambiri amakana mfundo yomalizayi. Amati lole yaima nyengo yonse ya mvula, oyilo sanagwire ntchito, angathe bwanji? Koma injini imapuma mpweya wa panja. Masana ikafunda, usiku n'kuzizira, chinyezi cha kunyanja chimasanduka timadontho mkati mwake, ndipo timadziti tikakumana ndi zotsalira za dizilo wopsa timapanga asidi amene amadya zitsulo lole ili phee pansi pa mtengo wa mango. Ngati wotchi ya makilomita inafa kalekale, monga zilili m'malole ambiri, werengani maulendo. Kupita ku Lilongwe ndi kubwerako kuchokera ku Senga Bay ndi makilomita opitirira 200, ndiye maulendo makumi awiri otero akufikitsani pafupi ndi makilomita 5,000. Lembani tsiku ndi makilomita pa kapepala, mumate pafupi ndi chiwongolero, kuti nkhaniyi isamadalire kukumbukira kwa dalaivala kapena kwa abwana.

Za oyilo wolimba ndingodutsamo mwachidule. Akuluakulu ankati kotentha kumafuna oyilo wokhuthala, ndipo m'masiku a oyilo wa giredi imodzi anali ndi mfundo. Koma pa chigubu cholembedwa 15W-40, nambala 40 ikunena kukhuthala kwa oyiloyo pa madigiri 100, kutentha kumene dzuwa la Salima silifikako, ndipo 15W ikunena kuti m'mawa injini ili yozizira oyilo athamanga msanga kukafika ku mabering'i. Oyilo wokhuthala mopitirira amachedwa panthawi imeneyi, pamene zitsulo zimadyeka kwambiri. Amatha kuchepetsa utsi ndi phokoso mu injini yotopa, koma sakonza maring'i. Chimodzimodzi kuchotsa themositati poopa kutentha: injini imayenda yozizira, mwaye umachuluka, oyilo amatha msanga. Chofunika kuyang'ana pa chigubu ndi zilembo za API. Zoyamba ndi C, monga CH-4 kapena CI-4, ndi za dizilo, pamene zoyamba ndi S zokha ndi za petulo. Gulani chigubu chomata, pamalo odziwika. Oyilo wopimidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu sadziwika kuti ndi wa giredi yanji, ngakhale wogulitsayo atakhala munthu wachilungamo.

Pamene ndimadandaula kwambiri ndi pa fyuluta. Ndalama zikachepa, mwini lole amagula oyilo n'kunena kuti, "Fyulutayo tidzasintha ulendo wina, amalume." Fyuluta ikadzadza siletsa oyilo kuyenda. Ili ndi kavalavu kamene kamatseguka kuti injini isaume, ndipo kuyambira pamenepo oyilo amazungulira osasefedwa, dalaivala osadziwa kanthu chifukwa nyali ya oyilo siyaka. Fyuluta ya mpweya nayo ndi yofunika chimodzimodzi kuno kwathu. Fumbi lathu ndi mchenga wosalala, wolimba kuposa zitsulo zambiri za mu injini. Kachibowo kakang'ono pa pepala la fyuluta, kamene kamabwera poimenyetsa pa tayala kapena poipopa ndi mpweya wamphamvu, kamalowetsa mchengawo kukapala masilinda, kenaka n'kutsikira mu oyilo. Oyilo wodula bwanji sangapirire zimenezo. Onaninso mapaipi a mphira ochoka pa fyulutayo ngati sanang'ambike, ndipo pothira oyilo pukutani pakamwa pa injini ndi fanulo yomwe, makamaka mwera ukamaomba.

Oyilo wokhetsedwayo nayenso ali ndi zikhulupiriro zake. Ena amapaka pa mitengo ya denga kuti chiswe chisadye, ena amathira m'chimbudzi, ena amapaka pa zilonda za ziweto. Muli zitsulo zosungunuka ndi zotsalira za mafuta opsa zimene zikakhudza khungu kawirikawiri zimatha kuyambitsa matenda, kuphatikizapo khansa ya pakhungu, choncho pa chilonda asafikepo, ndipo anyamata a pagalaja azisamba ndi sopo akamaliza ntchito. Kwa Maganga nthaka ndi yamchenga ndipo madzi a pansi ali pafupi. Oyilo wotayidwa kuseri kwa galaja amalowa pansi msanga kukafika m'zitsime, kapena mvula imamukokolola kupita naye m'nyanja momwe mukuchokera usipa umene loleyo imanyamula. Mukhetsereni m'beseni, mumuthire m'chigubu chimene munagulira watsopano, mutseke bwino, ndipo mufunse pagalaja kapena pamalo omwetsera mafuta pa Salima ngati amalandira oyilo wakale. Fyuluta yakaleyo muisiye mozondotsa m'beseni momwemo usiku wonse, chifukwa imakhala ikadali ndi oyilo wambiri mkati.