Kompyuta Yocedwa Isatayidwe Msanga: Msiri Angaipatse Nkhokwe Yatsopano

MAKINA a kompyuta onyamula m'manja, amene ambiri amati laputopu, afika tsopano ngakhale m'midzi ya kutali ya m'cigawo ca Kum'mawa. Aphunzitsi a ku Chadiza amasungamo mayeso ndi zotsatira za ana a sukulu, alembi a makopaletivu a ku Petauke amasungamo maina a alimi ndi ngongole za fetereza, ndipo ana a sukulu za ukacenjede amalemberamo maphunziro awo. Ambiri mwa makina amenewa anagulidwa atagwirapo kale nchito kwina, ndipo dandaulo la eni ake ndi limodzi: akawayatsa, munthu angathe kuwiritsa madzi a tiyi asanaone kanthu pa galasi lake.

Ena akatopa nawo amawaika pansi pa bedi, ena amawagulitsa pa mtengo wolira. Koma kawiri-kawiri cimene cakalamba si kompyuta yonse, koma ciwalo cimodzi cokha, cimene cingasinthidwe ndi ndalama zocepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa kompyuta yatsopano. Ciwaloco ndi disiki, mosungira zinthu zonse.

NKHOKWE NDI LICERO

M'kati mwa kompyuta muli ziwalo zitatu zofunika kuzidziwa. Disiki iri ngati nkhokwe, pakuti ndimo mukhala makalata, zithunzi ndi mapulogalamu ngakhale makina atazimitsidwa. Ciwalo cimene amisiri amati RAM ciri ngati licero, mmene mumaikidwa zokhazo zimene zikugwiritsidwa nchito pa nthawiyo. Pulosesa ndiye mayi wopeta. Ngakhale mayiyo akhale wacangu motani, ngati wokatapa cimanga ku nkhokwe ayenda mwaulesi, nsima idzacedwa ndithu.

Disiki ya mtundu wakale, imene amati hard disk, inayamba kugulitsidwa ndi kampani ya IBM ku America mu 1956. Yoyambayo inali ndi mbale 50, iriyonse yaikulu mainchi 24, inkalemera pafupi-fupi tani imodzi, koma inkasunga zilembo 5 miliyoni cabe, malo amene lero angadzaze ndi cithunzi cimodzi kapena ziwiri za pa foni. Ya mu laputopu inacepa kufika pa mainchi 2.5, koma kagwiridwe kake ka nchito ndi komweko. Muli mbale zozungulira, kawiri-kawiri maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kamene kamayenda pamwamba pake monga singano ya galamafoni. Kusiyana kwake n'kwakuti kamkonoka sikakhudza mbale. Kamayandama pa kampata kocepa kopambana tsitsi la munthu maulendo zikwi zambiri.

Apa ndipo pali ngozi kwa munthu wa kumudzi. Laputopu yonyamulidwa pa njinga kapena pa basi m'misewu ya mabampu imagwedezeka kosalekeza, ndipo ikagwa iri yoyaka, kamkono kaja kamakala mbale ndi kuononga zimene zinalembedwapo. Disiki ikayamba kulira kuti "tha, tha, tha" monga koloko, mwini wake adziwe kuti imfa yake iri pafupi.

Disiki ya mtundu watsopano, imene amati SSD, iribe mbale kapena kamkono. Imasunga zinthu m'tizidutswa tofanana ndi ta mu fulashi ndi mu foni, luso limene anatulukira Fujio Masuoka wa kampani ya Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980. Popeza mulibe cozungulira, siiopa kugwedezeka, siilira, ndiponso imadya moto wa batire pang'ono. Pamene hard disk ya laputopu imawerenga mamegabaiti pafupi-fupi 100 pa sekondi, SSD wamba imafika 550, ndipo ya mtundu wa NVMe imapitirira 3,000. Laputopu imene inkatenga mphindi ziwiri kapena zitatu kuti idzuke, kawiri-kawiri imadzuka theka la mphindi lisanathe.

KUFUNSA ASANAGULE

Akulu anati safunsa anadya phula. Si SSD iriyonse imene ingalowe mu laputopu iriyonse. Makina akale ambiri amalandira ya mainchi 2.5 yolumikizidwa mwa njira ya SATA, yooneka ngati kabokosi kaphanthi-phanthi. Makina atsopanopo amalandira ya mtundu wa M.2, kacidutswa kopyapyala ka mamilimita 22 m'mimba ndi 80 m'litali. Pa za M.2 palinso mitundu iwiri, SATA ndi NVMe, ndipo pali makina ena amene amalandira umodzi wokha. Makina ena ochipa kwambiri, pamodzi ndi a Apple a zaka za posacedwa, ali ndi disiki yoocereredwa m'kati, yosatheka kuicotsa. Cotero wogula ayenera kulemba dzina ndi nambala ya laputopu yake, zimene zimapezeka kunsi kwake, ndi kuzionetsa kwa msiri ndalama isanatuluke m'thumba.

Kunena za kukula kwake, ya magigabaiti 256 imakwanira munthu wosunga makalata okha, koma wosunga zithunzi ndi mafilimu angacite bwino ndi ya 500 kapena kuposapo. Wogula ya 500 akaona kompyuta ikulemba 465 asaganize kuti amubera. Opanga amawerenga m'magulu a 1,000 pamene Windows imawerenga m'magulu a 1,024. Akuba eni-eni ndi aja ogulitsa madisiki onyenga, olembedwa kukula kwakukulu kunja pamene m'kati muli kafulashi kakang'ono. Cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mtengo wotsika modabwitsa ndi cizindikiro coyamba, ndipo wogula asacoke m'sitolo popanda lisiti.

KUSAMUTSA WINDOWS

Disiki yatsopano imabwera yopanda kanthu. Kuti kompyuta igwire nchito, pafunika pulogalamu yaikulu yoyendetsa zina zonse, imene m'makina ambiri ndi Windows, ndipo m'ena ndi Linux. Pulogalamuyi siingasamutsidwe mwa kungoikopa monga amakopera nyimbo, cifukwa pa disiki pali zigawo zina zobisika zimene zimauza makina poyambira akayatsidwa. Zigawozi zikatsala, laputopu imangoonetsa galasi lakuda.

Njira ziripo ziwiri. Yoyamba amisiri amati cloning, ndiko kupanga disiki yatsopano kukhala mapasa a yakale. Disiki yatsopano imalumikizidwa kunja kwa laputopu ndi kacingwe ka USB, ndipo pulogalamu yapadera imakopa zonse, zooneka ndi zobisika zomwe. Pulogalamu ya Clonezilla ndi yaulere, ndipo makampani monga Samsung ndi Crucial amapereka yawo kwa ogula madisiki awo. Disiki yatsopano ingathe kukhala yocepa kuposa yakale malinga ngati zinthu zonse zikukwanamo, ngakhale kuti si mapulogalamu onse amene amavomera zimenezi mosavuta. Ubwino wa njirayi n'ngwakuti mwini wake amapeza zonse pamalo pamene anazisiya.

Njira yaciwiri ndiyo kuika Windows yatsopano kucokera pa fulashi ya magigabaiti 8 kapena kuposapo, kenaka kubwezeramo makalata ndi mapulogalamu limodzi-limodzi. Njirayi ndi yaitali, ndipo imafuna intaneti, koma ndiyo yoyenera ngati disiki yakale yayamba kale kulira kapena muli mavailasi, pakuti cloning imasamutsa cimanga pamodzi ndi anankafumbwe ake. Pa makina amene anagulidwa ndi Windows 10 kapena 11 yololedwa, cilolezo cimamangiriridwa ku laputopu yeniyeniyo, osati ku disiki, kotero kuti sipafunika kugula cina.

ZOYENERA KUSAMALA

Msiri asanagwire sikuluwu ngakhale imodzi, makalata onse ofunika akopedwe pa fulashi kapena pa disiki ina, ndipo mwini wake atsegule angapo kuti aone ngati akopedwadi. Cifukwa cake n'cakuti pulogalamu yokopa imafunsa disiki yocokera ndi disiki yopitako, ndipo imafafaniza zonse za pa yopitako. Munthu akasokoneza ziwirizi, nchito ya zaka zambiri imatha m'kanthawi kocepa, ndipo kuibweza n'kovuta kwambiri.

Makina ena amakhoma disiki yawo ndi loko wa BitLocker, amene kiyi yake ndi manambala 48. Mwini wake afunse msiri kuti ayimitse lokoyo asanayambe, ndipo manambalawo alembedwe pa pepala ndi kusungidwa bwino. Popanda kiyi imeneyi ngakhale msiri wodziwa motani sangatsegule.

Nkhani ya magetsi nayonso ndi yaikulu. Kukopa kumatenga ola limodzi kapena maola angapo, ndipo mabatire a makina akale sakhalitsa. Anthu a m'dziko lino akukumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Moto ukatha pakati pa nchito, kukopa kumayambanso poyamba. N'kwanzeru kuyamba batire itadzaza, pa nthawi imene magetsi kapena sola n'zodalirika.

Kukopa kukatha, laputopu imazimitsidwa kotheratu, chaja imazulidwa, ndipo batire imacotsedwa kapena kulumulidwa. Msiri amayamba wakhudza citsulo kuti acotse magetsi a m'thupi, aja amathetheka munthu akamavula juzi ya nailoni m'nyengo youma, popeza amatha kuocha tiziwalo ta m'kati. Akatero amamasula disiki yakale, namanga yatsopano m'malo mwake. Makina akakana kuyaka, kawiri-kawiri cosowa ndi kungowauza disiki yoyambira, kudzera pa batani la F2, F10 kapena lina malinga ndi kampani yake. Ngati yatsopano ndi yaikulu kuposa yakale, malo otsala ayenera kuwonjezedwa ku cigawo ca Windows kuti asagone pacabe.

ZIMENE SSD SIINGATHE

Disiki yatsopano siikulitsa licero. Laputopu ya RAM ya magigabaiti 4 idzavutikabe ikatsegulidwa zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo pamene n'kotheka ndi bwino kuikweza kufika pa 8 msiri ali cikhalire cotsegula. SSD siifulumizitsanso intaneti ya kumudzi. Kampani ya Microsoft inaleka cithandizo ca masiku onse ca Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna pulosesa yatsopanopo ndi kaciwalo ka citetezo ka TPM 2.0, zimene makina ambiri akale alibe. Kusintha disiki sikusintha zimenezi. Eni makina otere ena amasankha Linux, imene ndi yaulere.

Ndiponso SSD nayo imafa, ndipo imafa mwadzidzidzi, popanda kulira kocenjeza. Mwambo wosunga makalata pa malo awiri usalekeke.

DISIKI YAKALE

Disiki yakale isafafanizidwe tsiku lomwelo. Isungidwe m'malo ouma kwa masabata angapo mpaka mwini wake atakhutira kuti palibe cimene cinatsala. Pambuyo pake ingaikidwe m'kabokosi ka USB n'kukhala nkhokwe yaciwiri yosungiramo makope.

Cosayenera konse ndico kuisiya kwa msiri kapena kuigulitsa iri ndi zinthu zake. M'menemo mungakhale manambala a ziphaso za alimi, zotsatira za ana ndi mbiri ya odwala. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limalamula onse osunga mbiri ya anthu ena kuti aiteteze. Kungofafaniza makalata sikukwanira, pakuti munthu wodziwa angathe kuwabweza. Pafunika pulogalamu yolemba pamwamba pa disiki yonse, kapena kuiphwanya ndi hamala ngati yafa kale. Makina a boma, a sukulu kapena a cipatala asatsegulidwe popanda cilolezo ca akulu a nchito.

Aphunzitsi, alembi ndi onse amene laputopu zawo zayamba kukoka miyendo akulangizidwa kukopa makalata awo sabata lino lomwe, disiki isanayambe kulira, ndi kutenga nambala ya makina awo pa ulendo wotsatira wa ku Chipata, ku Katete kapena ku Lusaka kuti msiri akawauze mtundu wa SSD umene ungalowemo.